Bokosi la zida la mmisiri likatsegulidwa tsiku losesa

Mwambo wa maliro ukafika pa mbiri ya malemu, amaimirira mwana wa mlongo wawo atagwira kapepala kothothola m'kope. Amawerenga kuti malemu anabadwira m'mudzi wakutiwakuti, anaphunzira ukalipentala ku mishoni, anakagwirako ntchito ku Halale, anali mkulu wa mpingo, ndipo asiya ana asanu ndi awiri ndi zidzukulu makumi atatu. Mphindi zitatu zisanathe wakhala pansi. Chaka chobadwa chimene watchulacho anachita kupangana usiku pa siwa. Mishoniyo sanaitchule dzina poti palibe akuikumbuka. Mabenchi amene anthu akhalira m'tchalitchimo, zitseko ndi mitengo ya denga, mwina anakhoma ndi malemu omwewo, koma pakapepalapo zimenezo palibe.

Tsiku limenelo palibe amadandaula nazo, aliyense mtima uli kumanda. Mbiri imatayika mawa lake.

## Tsiku losesa

Akatha kusesa, akuluakulu amakhala pansi kuti aone katundu wa malemu. Kwa mmisiri, maso onse amakhala pa bokosi la zida, lija lathabwa lokhala ndi loko, limene ana ankaletsedwa kulikhudza. Likatsegulidwa mumatuluka puleni, sowo, matchizulo, sikweya, hamala ndi rula yopinda, ndipo chilichonse chimapeza mwini wake pompo. Pansi penipeni pamatsala envelopu yofiirira kapena jumbo ya shuga yomanga ndi mphira. M'menemo mumakhala setifiketi ya trade test, khadi la mpingo, malisiti a msonkho, khadi la chipani, kalata ya umboni yochokera kumene ankagwira ntchito, chithunzi cha anyamata ovala maovolosi ataima kutsogolo kwa shedi, ndi kope lothimbirira lodzaza miyeso ndi mayina a anthu amene anawakhomera zitseko.

Mapepalawa ena amapsa limodzi ndi mphasa ndi nsanza, chifukwa wina wati ndi zinyalala. Ena amagawidwa ngati zovala: setifiketi kwa mwana wa ku Lilongwe, chithunzi kwa wa ku Joni, kope kwa mdzukulu woti azilembamo masamu kumasamba otsala. Kugawaku kumaoneka kwachilungamo, koma kumawononga chimodzimodzi ndi moto, chifukwa pepala lililonse limamveka likakhala pambali pa linzake. Setifiketi ili ndi chaka koma ilibe nkhope. Chithunzi chili ndi nkhope koma chilibe mayina. Khadi la mpingo lili ndi dzina la ubatizo limene pa setifiketi palibe.

Choyenera kupempha pa bwalo limenelo n'chaching'ono. Zida zigawidwe monga mwa mwambo, koma envelopu ikhale yathunthu m'manja mwa munthu mmodzi amene onse agwirizana, ndipo isanachoke pamkekapo pepala lililonse lijambulidwe pafoni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, motsata mmene malemu anasanjira. Zida nazo zijambulidwe zisanabalalike. Amisiri ambiri ankazokota zilembo za mayina awo pa chigwiriro, ndipo nthawi zina zilembozo zimakhala za munthu wina, amene anawaphunzitsa ntchito n'kuwasiyira chidacho. Wopempha akhale wa m'banjamo ndipo adzere kwa mwinimbumba. Mkamwini akayamba kufunsa za mapepala tsiku limenelo, anthu amati akusaka buku la ku banki.

## Yambani ndi agogo aakazi

Kumidzi ya chikamwini, kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, osunga mndandanda wa mbumba ndi azimayi achikulire, chifukwa iwo ndi amene sanachoke pamudzi. Amuna anachita kubwera kudzakwatira, ena anapita ku Wenela n'kutchona. N'chifukwa chake mtengo wa banja wotsata abambo, monga mmene mafomu ndi mapulogalamu a pa intaneti amafunira, umaduka pa m'badwo wachiwiri kapena wachitatu. Jambulani motsata bere: gogo wamkazi pamwamba, ana ake pansi pake motsatana ukulu, wamkazi aliyense ndi ana ake, ndipo amuna odzakwatira alembedwe pambali pamodzi ndi mudzi wakwawo ndi mfunda wawo. Kumene kuli malowolo, monga kumpoto ndi kwa Asena kuchigwa cha Shire, mutembenuze.

Funso loti "munabadwa chaka chanji?" silithandiza. Nkhalamba imangotulutsa chiphaso cha unzika, ndipo chaka chimene chili pamenepo kwa ambiri chinachita kuyerekezedwa pa kalembera wa 2017. Funsani zimene munthu sangaiwale. Pa njala ya 1949 munali mutatha msinkhu? Kamuzu akufika pa Chileka mu 1958 munali ndi ana angati? Mwana wachisamba anabadwa tikugwiritsa mapaundi ndi mashereni, kapena kwacha imene inayamba mu 1971? Amuna anu anabwerako ku Wenela ndege isanagwe ku Francistown mu 1974, kapena itagwa? A ku Zomba ali ndi Napolo wa 1946, a ku Phalombe wa 1991. Pa mibadwo yam'mbuyo, imene mukungoimvera kwa ana awo, pali nkhondo ya Chilembwe ya 1915, mtengatenga wa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndi fuluwenza amene anabwera nkhondoyo itangotha. Mayankho awiri kapena atatu otere amakupatsani mpata wa zaka zitatu kapena zinayi. Lembani mpatawo mmene uliri, musasankhepo chaka chimodzi kuti zioneke bwino. Mawu oti "chaka cha njala" muchenjere nawo, poti kwa wina ndi 1949, kwa wina ndi 2002. Funsani kuti boma linali la ndani.

Kucheza kumodzi kusapitirire ola. Nkhalamba ikatopa imayamba kuvomera chilichonse chimene mwanena. Chezani ndi mmodzimmodzi kaye, gulu pambuyo, chifukwa pagulu amalankhula ndi amene ali ndi mawu aakulu, ndipo amayi odziwa zenizeni amangoti "ndi momwemo" akuyang'ana pansi. Pemphani chilolezo chojambula mawu, foni muitseke netiweki kuti kuimba kusadule, muiike pansalu pafupi ndi wolankhulayo, kutali ndi mphepo ndi chigayo. Poyamba nenani nokha tsiku, mudzi ndi dzina la amene mukucheza nawo. Shuga kapena sopo mutengereni monga mlendo aliyense amachitira, koma musalipire nkhani. Nkhani yolipiridwa imakula ulendo uliwonse.

## Munthu mmodzi, mayina anayi

Ambiri amagwa ulesi apa. Apita ku mpingo, afufuza dzina la agogo tsiku lonse, salipeza, n'kubwerera akuti mabuku anatayika. Chikhalirecho agogowo alimo, koma ndi dzina lina.

Mwamuna wobadwa m'ma 1930 akhoza kukhala ndi dzina la paubwana, lina lopatsidwa kuchinamwali, lina la ubatizo, ndi lina la kuntchito limene kapitawo analemba mmene analimvera. Ena analowa sukulu kapena kubwereza kalasi ndi dzina la mbale wawo, ndipo setifiketi inatuluka m'dzina limenelo mpaka penshoni. Dzina la bambo monga tikulidziwira lero linakhazikika mochedwa m'mabanja ambiri. Ana a mimba imodzi amapezeka ndi mayina osiyana: wina anatenga dzina loyamba la bambo ake, wina la amalume amene ankamulipirira fizi, wina anangolemba mfunda. Kwa amayi n'kovutirapo. Pamudzi ankadziwika kuti Nabanda, Naphiri kapena make a uje, ndipo dzina lawo lenileni mwina amalidziwa ndi mng'ono wawo yekha. Musanapite kwina kulikonse, munthu aliyense akhale ndi tsamba lake lolembapo mayina onse ndi amene wakuuzani dzina lililonse.

Kalembedwe nako kanasintha. M'mabuku akale "ch" ankalemba "c", motero Chimwaza mumupeza ali Cimwaza. Zilembo l ndi r zimasinthana mwachisawawa, ndipo h wa mu kh, ph ndi th nthawi zambiri ankamusiya. Maboma ena ali ndi mayina awo akale: Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Cholo ndi Thyolo, Kota Kota ndi Nkhotakota. Midzi nayo imagawikana. Mudzi umene lero uli ndi nyakwawa yake, mu 1940 unali limana chabe la mudzi wina, ndipo buku linalemba dzina la mudzi waukuluwo.

## Mabuku a mpingo

Lamulo loyamba: musafufuze ku tchalitchi chimene banja likupemphera lero, fufuzani kumene kunali likulu pa nthawiyo. Mipingo yambiri ya kumudzi inayamba ngati nyumba ya mapemphero kapena nthambi, ndipo ubatizo ndi maukwati zinkalembedwa ku siteshoni kumene kunkakhala mbusa kapena wansembe. M'chigawo chapakati, amishoni a Dutch anayamba ku Mvera mu 1889, Kongwe 1894, Nkhoma 1896, Mlanda 1902, Mphunzi 1903 ndi Malingunde 1907. Kasungu anali m'manja mwa Livingstonia mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, choncho mkhristu woyambirira wa kumeneko mbiri yake imaloza kumpoto. Kummwera Blantyre inayamba mu 1876, Domasi mu 1884. Akatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901, Mua 1902, Kachebere ndi Nguludi 1903. A Anglican anali pa Likoma kuyambira 1885, a Seventh Day ku Malamulo kuyambira 1902. PIM (Providence Industrial Mission) ya Chilembwe ku Mbombwe inayamba mu 1900, inatsekedwa nkhondo ya 1915 itachitika, n'kudzatsegulidwanso ndi Dr Daniel Malekebu mu 1926, ndiye pa zaka zapakatizo musayembekezere kanthu. Funsani akulu a mpingo kuti "mpingo uno unatuluka mu mpingo uti, chaka chanji?" ndipo mubwerere m'mbuyo motero mpaka mufike pa tsinde.

Pitani ndi kalata yochokera kwa abusa kapena bambo mfumu a kwanu, pakati pa sabata, osati Loweruka la maukwati. Ku CCAP muonane ndi abusa ndi mlembi wa mpingo, ku Katolika ndi ofesi ya parishi. Malo ena sakupatsani buku m'manja, amakufufuzirani okha, ndipo ali ndi chifukwa: m'bukumo muli za mabanja enanso. Apatseni pepala lolemba bwino mayina onse, mudzi wakale, mayina a makolo ndi mpata wa zaka. Funsani ngati pali kangachepe kolipira. Mukaloledwa kujambula, jambulani chikuto cha buku, mutu wa tsamba ndi tsamba lonse, osati mzere wa agogo wokha. Amene anabatizidwa tsiku limodzi ndi iwo kawirikawiri ndi abale kapena anzawo a m'kalasi imodzi.

Mabuku akale a Akatolika ambiri ali m'Chilatini, koma mawu ofunika ndi ochepa. Yohane ndi Joannes, Petulo ndi Petrus, filius ndi mwana wamwamuna, filia wamkazi, patrinus ndi matrina ndi omuimira pa ubatizo. Chuma chili m'mphepete mwa tsamba. Mwa lamulo la mpingowo, munthu akalandira ulimbitso kapena kumanga ukwati, ngakhale ku parishi ina, uthenga umayenera kubwerera kumene anabatizidwa n'kulembedwa pambali pa dzina lake. Kamzere kamodzi kameneko kakhoza kukuuzani kumene mchimwene wa agogo uja anakathera. Ku CCAP kuli buku la ubatizo, la akhristu a mgonero, la maukwati ndi la zokambirana za akulu a mpingo, ndipo wosamuka ankatenga kalata, kotero mumatha kumutsata kuchoka ku Kongwe mpaka ku mpingo wa ku Salisbury, dzina lakale la Halale. Buku la maukwati mulisamale kwambiri chifukwa mboni nthawi zambiri amakhala ankhoswe, ndiye mumapezeramo mayina a mbali ya kuchikazi amene sapezeka pena paliponse. Onaninso ngati munthuyo anasaina yekha kapena anangoika mtanda kapena chala.

Msampha waukulu ndi kutenga tsiku la ubatizo ngati lobadwa. Akhristu a m'badwo woyamba ankabatizidwa ali akuluakulu atakhala zaka m'kalasi. Kwa ansembe a White Fathers kuphunzira kwake kunali kwa zaka zinayi. Munthu wobatizidwa mu 1925 akhoza kukhala wobadwa mu 1895, ndipo chaka chobadwa chimene wansembe analemba chinali choyang'ana nkhope. Palinso amene simudzawapeza konse: mkazi wachiwiri wa pamitala, amalume amene anakhalabe ku gule, achibale achisilamu. Kusapezeka kwawo m'buku sikutanthauza kuti agogo aakazi aja ananama.

Tsono buku limene anthu safunsa n'komwe, koma ndi limene limasunga amisiri, ndi la msungichuma pamodzi ndi zolemba za komiti ya zomangamanga. M'menemo ndi mmene mumapezeka kuti njerwa anaumba ndi a mudzi uti, uvuni anawotcha liti, mmisiri anali ndani ndipo analandira zingati, malata anagula kuti. Buku la ubatizo limasungidwa mosamala. La msungichuma limakhala m'katoni pansi pa kabati kapena kunyumba kwa ana a msungichuma amene anamwalira kalekale. Lifunseni ndi dzina.

## "Anaphunzira ku mishoni"

Mawu amenewa amabisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo mukazisokoneza mutaya ndalama za thiransipoti pachabe.

Ena anaphunziradi m'mashedi a mishoni. Ku Khondowe, Dr Robert Laws anatsegula Overtoun Institution mu 1894, kumene kuwonjezera pa uphunzitsi ankaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku ndi za telegalafu. Mishoni ya Blantyre inkaphunzitsanso ntchito zamanja, ndipo Henry Henderson Institute inatsegulidwa mu 1909. A Anglican anali ndi malo okonzera zitsulo za sitima zawo ku Malindi. Munthu wotere mbiri yake ili m'mabuku a mpingo, osati a boma.

Ena anapita ku sukulu ya ntchito zamanja yeniyeni. Zikuluzikulu zodziwika ndi zisanu ndi ziwiri: Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Zina mwa izi zili ndi mizu ya mpingo, monga Namitete ya Akatolika ndi Livingstonia ya CCAP, choncho ofesi ya sukulu ikasowa mabuku akale, funsaninso ku dayosizi kapena ku sinodi. Mukamva kuti "anaphunzira ku Nasawa" funsitsani chaka, chifukwa malowo anali a Apayoniya, amene anathetsedwa kumapeto kwa 1993.

Gulu lachitatu, lomwe ndi lalikulu, ndi la amene sanalowepo m'kalasi. Anayamba ngati wothandiza mmisiri, kuponda matope ndi kugwira thabwa, kenaka anakayesedwa trade test n'kukhoza. Setifiketi ya trade test imanena kumene munthu anayesedwa, osati kumene anaphunzira. Ambiri amaona dzina la sukulu pa chidindo n'kulemba kuti agogo anali ophunzira pamenepo, pamene anangopitako masiku a mayeso okha. Magiredi ake amayenda chobwerera: Grade 3 ndi yoyambira, Grade 1 ndi yapamwamba, ndipo pakati pake pamadutsa zaka za ntchito, choncho mukapeza ya Grade 1 yokha dziwani kuti panali zina ziwiri. Pepala la City and Guilds linkachokera ku London. Lokhala ndi chizindikiro cha TEVETA silingakhale la chaka cha 1999 chisanafike, poti bungwelo linakhazikitsidwa chaka chimenecho. Nambala iliyonse imene ili pa setifiketi muikopere molondola, chifukwa ku ofesi amafufuza ndi nambala msanga kuposa ndi dzina.

Polembera sukulu, tchulani ntchito imene munthuyo ankaphunzira, zaka, ndi dzina la pa setifiketi, osati la pamudzi. Koma kunena zoona, zambiri simuzipeza ku ofesi. Muzipeza kwa anzake amene adakali moyo, ndipo chida chake ndi chithunzi chija cha maovolosi.

Chikulitseni pa pepala la A4, muchite fotokope, ndipo pa fotokopeyo mulembe nambala pamutu pa munthu aliyense kuyambira kumanzere, mzere wakumbuyo kaye. Chenichenicho chisiyeni kunyumba. Mukapeza mmodzi wa m'chithunzimo, musamuuze mayina amene mwamva kale. Mulekeni atchule yekha, inu muzilemba nambala ndi dzina. Dzina mulitenge kuti ndi lotsimikizika pokhapokha anthu awiri alitchula aliyense payekha. Ambiri amakumbuka mayina achipongwe ndi boma lochokera, monga "uyu tinkamuti Sikweya, wa ku Ntcheu", ndipo zimenezo muzilembe momwemo chifukwa wachitatu adzakupatsani dzina lenileni. Afunseni mphunzitsi wawo, chimene anapatsidwa kuti apange pa mayeso, kampani imene anakaphunzirirako ntchito, ndiponso nyumba zimene kalasi yawo inamanga pophunzira. Funso lomaliza likhale lomwelomwelo nthawi zonse: "Mwa awa, ndani ali moyo, ndipo ali kuti?" Magulu a pa WhatsApp a ophunzira akale amathandiza pa a zaka zaposachedwa. Achikulire enieni mulibemo. Amapezeka pogulitsira matabwa, m'mashedi okhomera mabokosi a maliro, m'magalaja ndi m'makomiti omanga matchalitchi, kapena kudzera mwa amisiri amene iwo anawaphunzitsa.

Kope la miyeso nalo liwerengeni modekha. Mainchesi sakuuzani chaka, poti amisiri mpaka lero amatchula thabwa m'mainchesi. Ndalama ndi zimene zimanena: tsamba la mapaundi ndi mashereni ndi lakale kuposa 1971, ndipo posintha paja paundi imodzi inali K2, shereni imodzi 10 tambala. Mayina a makasitomala akuonetsani midzi imene mmisiriyo ankayenda, ndipo zitseko zina zikadalipo.

## Zimene khoma limasunga

Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo aliyense amadziwa kuti anachikonza ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba. Koma njerwa zija anaumba, kuwotcha ndi kuyala ndi anthu akuda a konkuno, ndipo ndi angati mwa ife angatchule dzina la mmodzi yekha? Ngati zili choncho pa tchalitchi chotchuka chotere, nanji kanyumba ka mapemphero ka kumudzi. Mwala wa pakhomo umatchula amene anadzatsegulira.

Mwalawo muuwerenge bwino: ukunena tsiku loyala maziko kapena lotsegulira? Pakati pa awiriwa pamatha zaka khumi mpingo ukusonkha. Komanso nyumba imene mukuionayo mwina ndi yachitatu pamalopo. Yoyamba inali yamitengo ndi udzu, yachiwiri yazidina, ndipo chaka chimene mpingo umakondwerera chikhoza kukhala cha yoyamba ija. Belu nalo lisakunamizeni, chaka cholembedwa pa belu ndi cha pamene linasulidwa.

Amisiri ankasiya zizindikiro mobisika. Yang'anani pa sitepe ndi pakhonde pamene ankalemba ndi msomali simenti isanaume, pamwamba pa khoma la kumutu, kunsi kwa mabenchi ndi gome, ndi pa mitengo ya denga pamene pamakhala miyeso ya pensulo ndi zilembo za mayina. Tengani tochi ndi makwerero, mutapempha. Pamene pulasitala wagamuka, onani ngati njerwa anamangira dothi, laimu kapena simenti, ndipo ngati khoma lasintha kukula kwa njerwa pakati, pamenepo ndi pamene anawonjezera. Benchi lolumikiza mobowola n'kukhomera zikhomo zamtengo ndi la dzanja lina, lokhoma ndi misomali yokha ndi la dzanja linanso. Mlombwa, mbawa ndi mkungudza wa ku Mulanje zimapezeka kwambiri m'ntchito zakale, paini ndi bulugamu m'zapambuyo. Mmisiri wachikulire mukamulowetsa m'tchalitchi amatha kuloza kuti ili ndi dzanja la uje. Pitani naye.

Masiku ano mipingo ikugwetsa matchalitchi akale kuti imange aakulu. Lisanagwe, lijambuleni mbali zonse zinayi ndi m'kati, muyeze utali ndi mulifupi, ndipo thabwa lililonse lolembedwa lisapite ku nkhuni za pa chikondwerero.

Kumanda musalowe osadzera kwa amfumu. Zaka za pa chiliza muzitenge mosamala, chifukwa ziliza zambiri zimamangidwa patapita nthawi, ndipo wolemba amangokopera kapepala kaja ka pa maliro.

## Ku Zomba mupite pomaliza

Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku a ma DC akale, malipoti a maboma, ndi zina zimene mipingo inakasungitsa. Kumeneko mupeza mbiri ya ufumu wa kwanu, kusamuka kwa midzi ndi za sukulu, koma dzina la munthu wamba silipezeka wambawamba. Zambiri za boma zoyambirira zinapsa pa moto wa 1919 umene unawononga maofesi a boma ku Zomba komweko. Pitani mutadziwa kale dzina la mfumu yaikulu, dzina lakale la boma ndi zaka zimene mukufuna. Zithunzi ndi mabuku akale ziliponso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre.

## Chiswe, chinyezi ndi lamineshoni

Setifiketi yakale musaichite lamineshoni. Makina ake amatentha, pulasitikiyo imamatirira osachokanso, ndipo chidindo chofufuma chija chimaphwatalala. Chitani lamineshoni fotokope. Selotepi imasanduka yachikasu n'kusiya banga lodya inki, choncho pepala long'ambika lingoikidwa pakati pa mapepala awiri oyera. Mapini ndi mastepulo achotseni, amachita dzimbiri. Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa, bolopeni imaboola mpaka kumaso. Zonse zikhale m'bokosi lachitsulo lotseka bwino, pamwamba pa thebulo kapena shelefu, losagunda khoma, ndipo muzilitsegula kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itatha. Jumbo yomanga kwambiri imasunga chinyezi ngati mapepala analowamo asanaume. Onyowa muwayanike pamthunzi, limodzilimodzi, osati padzuwa.

Pojambula, yalani pepala pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikuwomba, zimitsani fulashi, foni ikhale molunjika pamwamba. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba chimachepetsedwa ndipo tizilembo ta pa chidindo sitiwerengekanso. Fayilo iliyonse ipatsidwe dzina lonena munthu, mtundu wa pepala ndi chaka. Zikhale malo atatu: pa foni kapena kompyuta, pa imelo kapena Google Drive, ndi zosindikiza papepala kwa wachibale wa mudzi wina. Memori khadi yokha siyodalirika, imafa osatsanzika.

## Zolemba ndi zosiya

Mukafunsa za mibadwo kumudzi, anthu amayamba aganiza zinthu ziwiri: ufumu ndi malo. Nenani poyera kwa amfumu ndi kwa eni mbumba chimene mukufuna, ndipo musalole kuti kope lanu likakhale umboni wa mbali imodzi pa mlandu wa munda. Mudzamvanso zimene simunafunse: bere lina linachokera kwa munthu wogwidwa ukapolo, mwana wina si wa bambo amene akutchulidwa, agogo ena anadulidwa mu mpingo ndipo chifukwa chake chalembedwa m'buku la akulu a mpingo. Zoterezi zikhale m'kope losunga, zisapite pa Facebook. Eni ake ali ndi zidzukulu zimene zikupemphera m'tchalitchi chomwecho.

Pa mfundo iliyonse lembani kumene mwaitenga: "ananena ndi agogo akuti, tsiku lakuti", kapena "buku la ubatizo la ku Mua, nambala yakuti". Pamene pakamwa ndi pepala zatsutsana, lembani zonse ziwiri. Pa mayina ndi ubale, kawirikawiri olondola amakhala agogo aakazi. Pa zaka, buku lolembedwa nthawi yomweyo limaposa kukumbukira kwa aliyense. Mukamaliza, kawerengeni mokweza pamudzi achikulire ali pompo, pensulo ili m'manja, chifukwa munthu amene anati sakumbuka kanthu amadzuka msanga akamva dzina la mayi ake litalakwika. Kope limodzi lokonzedwalo likhale kwa mwinimbumba. Lina mukapereke kwa mlembi wa mpingo, muli tsamba la mayina a amene anaumba njerwa, anayala khoma ndi kukhoma denga, kuti alisunge pamodzi ndi buku la ubatizo.